Kucheza ndi anthu pamsewu ndi kuntchito: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amachokera kwa achinyamata amene angoyamba kumene ntchito, ndiponso kwa anthu amanyazi a misinkhu yonse. Akukhudza timacheza tija timachitika podikira kuti msonkhano uyambe, pamzere wa kubanki, m'minibasi, paukwati kapena pa nthawi ya tiyi ku ofesi. Poyankha ndimaganizira za kuno ku Malawi, ngakhale kuti ndakhudzako pang'ono za abale athu amene ali kunja.

Kodi macheza oterewa si kutaya nthawi chabe? Bwanji osangonena chimene ndabwerera?

Si kutaya nthawi ayi. Lowani mu ofesi iliyonse, kaya ku Capital Hill kaya kwa DC, muike pepala lanu patebulo n'kunena kuti, "Ndikufuna siginecha." Mayi amene mwawapezawo adzakuyang'anani kaye, kenako n'kukufunsani mofatsa kuti, "Mwadzuka bwanji, bambo?" Pamenepo akudzudzulani kale, ndipo akhoza.

Kwathu kuno umayamba wamuona kaye munthu, chimene wabwerera chimadza pambuyo. Komanso timphindi tiwiri timeneti timakuuzani zambiri. Mnzanu wa kuntchito akayankha kuti, "Tadzuka choncho, mwana wagona akutentha thupi," mwadziwa kale kuti lero si tsiku lomupanikiza za lipoti lochedwa. Mukadangofikira pa lipotilo simukadadziwa, ndipo mukadamupweteka musakufuna.

Moni ndapereka, wayankha. Kenako ndinene chiyani?

Ambiri amatsamwa pomwepa. Simufunika kubwera ndi nkhani yokonzeratu. Mvetserani bwino yankho la moni wanu uja, chifukwa anthu sakonda kungoti "ndili bwino" n'kukhala duu. Amawonjezera kena kake: "Tadzuka, koma kuzizira." "Tili bwino, kungoti ndachedwa pamzere wa mafuta." "Ndafika usiku kuchokera ku Ntcheu." Poyambira panu ndi pamenepo. Wa ku Ntcheu uja mufunseni kuti msewu uli bwanji, ngati anaima pa Tsangano kapena pa Lizulu, ndiponso kuti kachewere akugulitsa bwanji masiku ano. Mudzaona nokha kuti nkhani yayenda.

Ngati sanawonjezere kanthu, pitani ku nyengo ndi kumunda. Ngakhale bambo wovala tayi ku City Centre ali ndi munda kwinakwake, ndipo ngati alibe, mayi ake ali nawo. Mu Okutobala anthu amadandaula kutentha n'kumadikira chizimalupsa. Mu Novembala ndi Disembala funso ndi lakuti, "Kwanu yagwa? Mwadzala?" Januwale ndi mwezi wa feteleza wobereketsa ndi fizi ya ana. Mu Meyi mumafunsa kuti, "Mwakolola bwanji chaka chino?" Juni ndi Julayi a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje amakhala akulimbana ndi chiperoni, a kunyanja ndi mwera. Nkhani zimenezi si zachibwana. Munthu akamakuuzani kuti kwawo mvula inadula masabata atatu chimanga chikumasula, akukuuzani zimene zikumusowetsa tulo.

Kenako pali mpira. Lolemba m'mawa Bullets ndi Wanderers zitakumana dzulo lake, ofesi yonse imakhala ndi chokamba. Ingofunsani kaye kuti mnzanuyo ndi wa Maule kapena wa Manoma musanayambe kuseka timu imene yagonja. Ambiri amakumbukirabe kumene anaonera chigoli chija Gabadinho Mhango anamenya ali patali pokumana ndi Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, ndipo funso lakuti "Inu munaonera kuti?" silisowa yankho. Musaganize kuti imeneyi ndi nkhani ya amuna okha. Tchulani Tabitha ndi Temwa Chawinga, kapena ma Queens, muone amene ayambe kuyankha.

Munthu amene sindikumudziwa ndimuitane kuti chiyani?

Yambani ndi ulemu wochuluka. Kutsitsa n'kosavuta, kukweza mutanyoza kale n'kovuta. Munthu aliyense wamkulu ndi "inu", ndipo dzina lake limayamba ndi "a". "Bambo" ndi "mayi" salakwika. Wamsinkhu wanu ndi "achimwene" kapena "achemwali". "Agogo" asungireni amene ndi okalambadi, chifukwa mayi wa zaka 50 amene akugwira ntchito sangakondwe nalo. "Aise" ndi la anzanu amene munakula nawo, osati la munthu amene mwakumana naye lero.

Mfunda umatsegula mitima. Mukadziwa kuti mayi uyu ndi Naphiri kapena Nabanda, ndipo mwaona kuti anzake amamuitana choncho, muitaneni momwemo. Kumudzi mudzamva "amake Chisomo" kapena "abambo ake a Dalitso", ndipo ku Mangochi ndi ku Machinga mudzamva "che" patsogolo pa dzina. Amene ali ndi udindo apatseni udindo wawo: abusa, ashehe, adokotala, amfumu. M'mabungwe ena, makamaka amene muli azungu, abwana amanena okha kuti muziwatchula dzina loyamba. Tsatirani zimenezo, ndipo ngati lilime likukana, ikani "a" patsogolo. Palibe angakwiye.

Kodi n'kulakwa kufunsa munthu kuti kwawo n'kuti?

Si kulakwa, ndipo ndi funso limene limabala macheza okoma kwambiri. Wa ku Karonga adzakuuzani za mpunga wa Kilombero, wa ku Mwanza za manachesi, wa ku Nkhata Bay za kondowole, wa ku Nsanje za kutentha kumene inu simunakumvepo. Mwinanso mupeza kuti azakhali anu anaphunzitsapo kwawoko.

Koma tisanamizane, ku ofesi funso lomweli nthawi zina limatanthauza kuti, "Ndiwe wa mtundu wanji, ndipo wakulowetsa ndani?" Mnyamata wochokera kumpoto amene wangoyamba ntchito ku Blantyre, akafunsidwa funsoli ndi anthu asanu tsiku loyamba, amamva kuti akumuyeza. Chimene chimasiyanitsa ndi mawu anu otsatira. Mukati, "Ku Rumphi? Ndimangomva za Nyika, kumazizira monga amanenera muja?" ndiye kuti mwacheza. Mukati, "Anthu a kwanuko ndimakudziwani," ndiye kuti mwamuika m'gulu n'kumuweruza, ngakhale mutanena mukuseka.

Kumbukiraninso kuti pali anthu ambiri amene anabadwira ku Ndirande kapena ku Area 25 ndipo anakulira komweko. Akakuuzani kuti kwawo ndi ku Ndirande, musaumirire kuti, "Ayi, ndikunena kwanu kwenikweni." Wakuyankhani kale.

Ngati mukufuna kumusangalatsa munthu, phunzirani moni wa kwawo. "Muli uli?" kwa Mtumbuka, amene adzayankha kuti "Nili makora." "Ali uli?" kwa Myao, amene adzati "Ndili chenene." Mukalakwitsa katchulidwe adzaseka n'kukukonzani, ndipo macheza ayamba basi.

Ndi mafunso ati amene sindiyenera kufunsa?

Pa funso ili ndichedwapo, chifukwa pali mafunso amene timafunsa tsiku ndi tsiku tikumwetulira, koma wofunsidwayo amakalira kubafa.

Loyamba ndi la ana. "Simunaonebe mwana?" "Wachiwiri abwera liti?" Simukudziwa kuti mayi amene mukumufunsayo wapita padera kangati, wayenda zipatala zingati, kapena akumva zotani kwa apongozi ake. Funso limene inu mwaliiwala pofika pakhomo, iye agona nalo. Amuna nawonso limawapweteka, kungoti sanena. Mnzake wa funso limeneli ndi lakuti, "Tidya liti mpunga?" kwa mtsikana wa zaka 30 amene sanakwatiwe. Amalimva paukwati uliwonse, kuchokera kwa azakhali aliwonse. Inu musawonjezere.

Lachiwiri ndi la thupi. "Mwawondatu, mukudwala?" Amene analiko m'zaka za m'ma 1990, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, akudziwa chimene mawu amenewa ankatanthauza, ndipo mantha ake sanathe mpaka lero. Munthu akhozanso kuwonda chifukwa cha shuga, nkhawa, ngongole kapena banja losokonekera, ndipo palibe chimodzi mwa zimenezi chimene angafune kuchifotokoza pakhonde la ofesi. "Mwanenepa!" agogo kumudzi amanena moyamikira, kutanthauza kuti akukusungani bwino. Kwa mnzanu wa kuntchito amene adokotala amuuza kuti achepetse thupi chifukwa cha BP, mawu omwewo ndi owawa.

Lachitatu ndi la ndalama ndi ntchito. "Mumalandira zingati?" safunsa. "Ntchito ija sunaipezebe?" kwa mnyamata amene anamaliza ku yunivesite zaka zitatu zapitazo, ndi funso limene limamuchititsa kusiya kubwera ku tchalitchi. Ngati muli ndi mwayi woti mumuuze, muuzeni. Ngati mulibe, mufunseni zina. Chimodzimodzinso "Amuna anu abwera liti kuchokera ku Joni?" Mwina papita chaka asanaimbe foni.

M'malo mwa onsewa tili ndi funso limodzi labwino kwambiri limene makolo anatisiyira: "Kunyumba kuli bwanji?" Limamupatsa munthu ufulu. Akafuna adzati "kuli bwino" n'kulekera pomwepo, akafuna adzakuuzani zonse.

Nanga wina akandifunsa ine funso lotere?

Simukakamizidwa kuyankha. Kwa akuluakulu yankhani mwaulemu koma mwachidule: "Mulungu akalola," kapena "Ikakwana nthawi tikuuzani." Kenako tembenuzani nkhani: "Nanga adzukulu anu aja ali kalasi yanji tsopano?" Ambiri amatsatira mosavuta, chifukwa sanafunse ndi mtima woipa. Mnzanu wa kuntchito akamabwereza funso lomwelo, mutengereni pambali mumuuze kuti, "Achimwene, nkhani imeneyo sindikonda kuikamba." Kunena choncho si mwano.

Ndakwera galimoto imodzi ndi abwana, ulendo wa ku Blantyre kuchokera ku Lilongwe. Ndiyankhule chiyani maola onsewo?

Simukuyenera kuyankhula maola onsewo. Perekani moni, funsani za kunyumba, kenako onani mmene iwo alili. Akatsegula laputopu kapena akatseka maso, alekeni. Kukhala chete si kulephera.

Akaonetsa kuti akufuna kucheza, afunseni zimene akudziwa kuposa inu. "Munayamba liti kuyendera maboma a kuno?" "Ntchitoyi inkayenda bwanji makompyuta asanabwere?" Akuluakulu amakonda kufotokoza zimenezi, ndipo pofika pa Zalewa mudzakhala mutaphunzira zimene sizilembedwa m'buku lililonse la ofesi. Zinthu ziwiri zokha musachite: kupempha kukwezedwa pantchito, ndi kuneneza mnzanu amene kulibe. Abwana anzeru adzadziwa kuti mawa mudzawanena iwonso. Dalaivala musamuiwale. Nayenso ndi munthu wa paulendowo, ndipo msewu amaudziwa kuposa nonsenu.

Pano ndiyankhuleko ndi mabwana omwe. Macheza sayenera kumangokwera m'mwamba. Mlonda wa pageti, mayi amene amakolopa, mnyamata wotumidwa makalata, kodi mayina awo mumawadziwa? Bwana amene amatsitsa galasi la galimoto n'kunena kuti, "A Mwale, mwadzuka bwanji? Amayi aja anatuluka m'chipatala?" sataya kanthu, ndipo ofesi yonse imaona. Ine munthu ndimamuyezera pamenepo, osati pa mmene amasekera ndi akuluakulu anzake.

Pa intavyu akayamba ndi macheza, ndiyankhe motalika bwanji?

Mwachidule komanso momasuka. Akafunsa kuti mwayenda bwanji, ziganizo ziwiri zakwana: "Ndayenda bwino, zikomo. Ndinanyamuka m'mamawa kuopa mzere wa magalimoto." Musayambe kufotokoza mavuto a thiransipoti kapena kudandaula za kumene munkagwira kale. Akungofuna kuti mtima wanu ukhale pansi. Dziwaninso kuti intavyu imayambira pageti. Moni amene mwapereka kwa mlonda ndi kwa mayi wa pa resepushoni nthawi zambiri amafika m'makutu mwa amene akufunsani mafunso.

Ku wekishopu, nthawi ya tiyi ndimangoima pakona n'kumadina foni. Ndingayambe bwanji?

Yang'anani munthu wina amene nayenso waima yekha. Ameneyo ali ndi vuto longa lanu ndipo adzakuthokozani mumtima. Nyamulani kapu kumanzere kuti dzanja lamanja likhale lopereka moni, ndipo kwa wamkulu gwirizani mkono ndi dzanja linalo ngati n'kotheka. Nenani dzina lanu ndi kumene mukugwira ntchito, kenako funsani za chimene nonse mwangochimva: "Zimene amanena bambo aja zokhudza mabajeti, kwanuko zimatheka?" Funso lotere limaposa "Mwaiona bwanji wekishopu?", limene yankho lake ndi "ili bwino" basi.

Musayambe ndi nkhani ya alawansi. Aliyense akuiganizira, n'zoona, koma woyamba kuitchula ndi amene amakumbukiridwa nayo. Musayambenso ndi kupempha ntchito. Chezani kaye, tenganani manambala, zopempha zidzabwera tsiku lina.

Ndale ndi chipembedzo, tizikamba kapena ayi?

Kudandaula za kukwera mtengo kwa shuga, mafuta ndi feteleza, aliyense amachita ndipo kumagwirizanitsa anthu. Vuto limayamba nkhani ikafika pakuti wolakwa ndi chipani chiti. Chiyambire 1994 mu ofesi imodzi mumakhala anthu a zipani zosiyana, ndipo kuno chipani chimayenda limodzi ndi chigawo ndi mtundu, motero mkangano wa ndale suchedwa kusanduka wa "anthu inu". Ndi anzanu apamtima kambani mmene mungafunire. Ndi kasitomala, abwana kapena mlendo, mverani n'kunena kuti, "Zinthu zavutadi," kenako pitani kwina. Mukaona wachikulire akuzemba nkhani ya ndale, musamukakamize. Amene anakula chisanafike chaka cha 1993 anaphunzira kusamala pakamwa pamaso pa munthu wosamudziwa.

"Mumapemphera kuti?" ndi funso wamba kuno, ndipo silikhumudwitsa ambiri. Chokhumudwitsa ndi ulaliki umene umatsatira. Dziwani chipembedzo cha mnzanu kuti muzimulemekeza: musamukakamize tiyi Msilamu m'mwezi wa Ramadan, musamudabwe wa Seventh Day akakana zochitika za Loweruka.

Kodi macheza amasiyana pati ndi miseche?

Dzifunseni ngati mungabwereze mawu omwewo mwini wake atalowa pakhomo. "Mwamva kuti a Banda kwawo kwagwa maliro? Tisonkhe kangachepe," amenewo ndi macheza. "Mwamva chimene chawachotsetsa a Banda paudindo?" imeneyo ndi miseche. Wantchito watsopano amakopeka nayo chifukwa imamupangitsa kumva kuti walandiridwa m'gulu, koma sadziwa kuti amene akumunenayo ndi mlamu wa yani. Akulu anati ukayenda siya phazi, osati mlomo. Wina akakubweretserani nkhani yotere, nenani kuti, "Kaya, ine sindinamve," ndipo musafunse funso lotsatira.

Pamaliro ndi kuchipatala munthu amati chiyani?

Zochepa kwambiri. Mukafika pasiwa, khalani pansi kumene kwakhala amuna kapena akazi anzanu, ndipo mukapeza mpata kwa ofedwa, "Pepani" wakwana. Musafunse kuti malemu amadwala chiyani. Woyankhulira banja adzanena zimene banjalo lafuna kuti zidziwike. Usiku pamoto anthu amachezadi nkhani zina motsitsa mawu, za mvula, za kumudzi, za masiku amene ankakhala ndi malemu, ndipo zimenezo zimathandiza kuti kuche. Koma pamaliro si pogulitsira malonda, si pofunsira ntchito kwa bwana amene mwamuona, ndipo foni iyankhidwire kutali.

Mnzanu akabwerera kuntchito maliro atatha, musamuzembe chifukwa chosowa chonena. Mupezeni, mumugwire dzanja, munene kuti, "Pepani ndi zovuta zija. Mwabwerako bwanji?" Kuzembedwa kumawawa kuposa mawu osakonzeka bwino.

Kuchipatala funsani kuti, "Mukupezako bwanji lero?" Musamuuze wodwala za munthu wina amene anamwalira ndi matenda omwewo, ndipo musamulembere mankhwala anu. Muuzeni nkhani za kunja, kuti timu yake yapambana, kuti chimanga chake munachiona chili bwino.

M'minibasi ndiyenera kucheza ndi amene ndakhala naye?

Moni yekha ndi wokakamiza, makamaka kwa wamkulu. Zotsala onani nkhope. Wavala zomvera m'makutu, mlekeni. Paulendo wautali wa basi, mukamadya chimanga chootcha kapena nthochi, nenani kuti "Karibu" kapena "Tiyeni tidye," ngakhale mukudziwa kuti akana. Koma kwa munthu amene mwangokumana naye musaulule kuti mwanyamula ndalama za fodya kapena kuti kunyumba kulibe munthu sabata yonse.

Ndine mwamuna. Ndingacheze bwanji ndi akazi kuntchito popanda kumveka ngati ndikufunsira?

Kambani nawo zimene mungakambe ndi mwamuna mnzanu: ntchito, mvula, mpira, sukulu za ana. "Mwatchena lero" ponena kamodzi pagulu si vuto. Kuyamikira ziwalo za thupi, kufunsa ngati amuna awo alipo, kuwaitana kuti "akazi anga", kapena kutumiza mauthenga usiku, amenewo si macheza. Nthabwala za pachisuweni zili ndi eni ake, ndipo wantchito mnzanu si msuweni wanu. Mukaona kuti mayi akuseka mokakamizika, akuyankha mawu amodziamodzi kapena akusuntha, lekani pomwepo. Samalani koposa ngati ndinu wamkulu paudindo, chifukwa wamng'ono amaseka ngakhale zikumunyansa, poopa kutaya ntchito. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere, choncho si nkhani ya ulemu wokha.

Pafoni, pa WhatsApp ndi pa imelo, moni akhale wautali bwanji?

Pafoni perekani moni, dzitchuleni dzina, funsani kuti, "Ndakupezani pabwino?" Ngati waimba ndi mnzanuyo, kumbukirani kuti mayunitsi akutha ndi ake. Pa WhatsApp pali chizolowezi cholemba "Moni" n'kudikira, akayankha n'kulemba "Muli bwanji" n'kudikiranso. Kwa munthu wotanganidwa zimenezi zimatopetsa, ndipo ena amayamba kuganiza kuti kukubwera pempho la ngongole. Ikani zonse mu uthenga umodzi: moni, dzina lanu, ndi chimene mukufuna. Ulemu ulipo, nthawi yasungika. Pa imelo mzere umodzi wa moni wakwana. Pa Zoom, podikira ena kuti alowe, kufunsana za netiweki, magetsi ndi nyengo ya kumene aliyense ali n'kokwanira.

Ndicheze m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

Tsatirani mnzanuyo. M'maofesi ambiri msonkhano umayenda m'Chingerezi, macheza m'Chichewa chosakaniza, ndipo palibe cholakwika. Kuyankha m'Chingerezi wachikulire amene wakupatsani moni m'Chichewa kumaoneka kudzikweza. Komanso pagulu pakakhala mmodzi amene samva Chichewa, kaya ndi wa ku Kenya kaya ndi mzungu, musamusiye akungoyang'ana nonse mukuseka. Wina amufotokozere chimene chaseketsa.

Ndikupita kukagwira ntchito kunja. Zimene ndazolowera kuno zikagwira?

Mtima wake ukagwira, koma mafunso ena muwasiye pabwalo la ndege. Ku Britain anthu amakamba kwambiri za nyengo, za mmene Loweruka ndi Lamlungu zayendera, za tchuthi, za agalu awo ndi za mpira. Akakufunsani mmene mulili podutsana, sakuyembekeza kuti muime n'kufotokoza, ndipo kufupika kwa moni wawo si chidani. Zaka, malipiro, tchalitchi ndi banja safunsa kwa munthu amene sanamuzolowere. Adzakuuzani kuti muziwatchula dzina loyamba ngakhale ali msinkhu wa agogo anu. Chimene chimavuta ambiri ndi maso: kuno kuyang'ana pansi poyankhula ndi wamkulu ndi ulemu, kumeneko amaona ngati ukubisa kanthu kapena sukumvetsera.

Amene mukugwira ntchito yosamalira okalamba muli ndi mwayi, chifukwa kucheza ndi agogo munaphunzira kale kwanu. Funsani za zithunzi zimene zili pakhoma, za ntchito imene ankagwira, za maluwa a panja. Ku Scotland mukangotchula kuti mumachokera ku Blantyre, nkhani yayamba, popeza mzinda wathu unatenga dzina la tauni yawo kumene David Livingstone anabadwira mu 1813.

Ku South Africa phunzirani moni wa dera limene muli, "Sawubona", "Molo" kapena "Dumela", ndipo dziwani ngati mnzanu ndi wa Kaizer Chiefs kapena Orlando Pirates. Ku Chipata ndi ku Lusaka "Muli bwanji" wanu akagwira ntchito monga kwanu.

Ndine wamanyazi kwambiri. Kodi ndingasinthe?

Simufunika kusanduka munthu wolongolola. Anthu amene timati amacheza bwino, mukawaonetsetsa, ambiri sayankhula kwambiri. Amamvetsera, n'kumaponyamo timawu tochepa: "Eti?" "Zoona?" "Ndiye zinatha bwanji?" Wamanyazi zimenezi amazitha kuposa wolongolola, amene amangodikira mpata woti anene zake.

Yambani ndi anthu amene mumawaona tsiku lililonse, mayi wogulitsa mandasi, wakabaza amene amakunyamulani, mlonda. Onjezani funso limodzi pa moni wanu wa masiku onse. Kenako sungani chinthu chimodzi chimene akuuzani. Akanena kuti mwana wawo akulemba mayeso a Fomu 4, pakapita milungu mufunse kuti mayeso aja anayenda bwanji. Palibe luso la macheza loposa limeneli, chifukwa munthu amadziwa kuti tsiku lija munkamumvadi.

Dzina mukaiwala, musazungulire. "Pepani, nkhope ndaikumbuka koma mundikumbutse dzina." Aliyense zinamuchitikirapo.

Nanga ndikafuna kuchoka, ndithetse bwanji macheza popanda kukhumudwitsa?

Kuntchito ndi pamisonkhano nenani kuti, "Ndisakuchedwetseni," kapena "Ndikaonaneko ndi a uje asanachoke," mutchule chimodzi mwa zimene mwakambirana, kenako tsanzikani: "Tionana, mukapereke moni kunyumba." Musamayang'ane pamwamba pa phewa la mnzanu kufunafuna wina wofunika kuposa iye, ndipo musamangoti zii wina akadali pakati pa nkhani.

Pakhomo pa munthu ndi posiyana. Tsanzikani nthawi ikadalipo, chifukwa kutsanzika kwa kuno kumatenga mphindi zingapo, ndipo eni nyumba adzafuna kukuperekezani mpaka pamsewu. Mukaona kuti madzi osamba m'manja abwera, mwachedwa kale kutsanzika, khalani mudye ngakhale pang'ono. Ngati mukudziwa kuti simukhalitsa, nenani pofika pomwe kuti mwangodutsa, kuti asavutike kupha nkhuku.

Ngati munapatsana manambala ndi munthu amene mwakumana naye koyamba, mutumizireni uthenga waufupi tsiku lomwelo kapena mawa lake, wotchula dzina lanu ndi kumene munakumana, kuti akasunga nambalayo adziwe kuti ndi ya yani.